Dzina la Mdzukulu wa Telala

"Nanga thalauza iyi ndi ya ndani?" anafunsa achimwene ataikweza m'mwamba. Mwendo umodzi unali wopinda kale, winawo unali mapini okhaokha.

Wodziwa mwini wake anali ataikidwa m'manda Loweruka, ndipo telala ameneyo sankalemba dzina la kasitomala paliponse. Ankangoyang'ana nsalu n'kudziwa mimba imene ikalowemo. Tsopano mkazi wake ndi ana ake awiri anali m'kashopu kake kopanikiza, pakati pa zovala za anthu osawadziwa, chifukwa mwini nyumba anali atanena mwaulemu wonse kuti maliro wawamva, koma kiyi akuifuna madzulo.

"Ikani pa mulu wa zosatha," anatero Mzime.

Mzime anali mwana wotsiriza wa telalayo, ndipo ngakhale tsopano anali mayi, pabanjapo palibe ankamutchula mwina. Anakhala pa benchi ya makasitomala akuyamwitsa khanda lake lachitsikana. Khandalo linali lisanathe mwezi ndipo linalibe dzina. Mwamuna wake ankamuitana iye kuti "make uje", poyamba moseka, koma nthabwalayo inali itayamba kuwawa. M'mawa umenewo mwamunayo anapempha tchuthi kuntchito n'kunyamuka ndi amayi ake kupita ku ofesi yolembetsa ana obadwa. Ali pakhomo anafunsa komaliza:

"Ndiye ndikalembe liti? La amayi, kapena lija la malemu?"

"Lililonse," anayankha Mzime akufunafuna thewera. "Bola lisakhale lija."

Anayankha msanga, monga ankayankhira china chilichonse. Ntchito yake inali yolandira mafoni a makasitomala okwiya pa kampani ina, ndipo pakamwa pake panali posalala moti munthu woimba n'cholinga chotukwana ankadula foni akuthokoza. Koma chiyankhireni m'mawa muja, mawuwo anamukhala pakhosi. "Lija" linali dzina limene bambo ake anapatsa mwanayo, ndipo ndi mawu omaliza amene iye anamva pakamwa pawo.

Bambowo anali achibwibwi. Osati chibwibwi cha apo ndi apo ayi, koma chija chogwira munthu pakhosi, maso n'kutsinzina, phazi n'kumenya pansi, mawu ali pomwepo osatuluka. Mzime anakula akuwamalizira ziganizo. Kusitolo, kwa dokotala, pamaso pa aphunzitsi, bambo akangoti "ndi-ndi-ndi" iye anali atanena kale zonse, n'kuwakoka dzanja kuti azipita. Anthu ankati mwana wanzeru uyu, amathandiza bambo ake. Mwini wake ankadziwa kuti sichinali chifundo. Ankangofuna kuti zithe anthu asanayambe kuyang'anana.

Tsiku lotsatira atachira, pabedi pake kuchipatala panadzaza akuchimuna: apongozi ake ndi alamu ake awiri onunkhira mafuta odula. Bambo analowa atavala jekete yodzisokera okha, chipewa chili m'manja. Anaima kumapazi kwa bedi n'kukweza chala ngati mwana wasukulu.

"Nda-ndabwera ndi dzi-dzina," anatero.

Ndiye anayamba. "E... E... E..." Koma abale, inatalika nthawi imeneyo! Mlamu wina anatsokomola chitsokomolo chabodza, winayo mwadzidzidzi anaikonda kwambiri foni yake. Apongozi anayang'ana kudenga. Mzime anamva nkhope ikumutentha, ndipo kuwamalizira sakanatha chifukwa sankadziwa kumene mawuwo akulowera. Phazi la bambo linayamba kugunda pansi, gu, gu, gu, kenaka dzina linatuluka lonse, losaduka paliponse.

"Eulalia."

Anamwetulira, thukuta lili chuchuchu. Anakokanso mpweya kuti apitirize, chala chikadali m'mwamba.

"Tamva, bambo," anatero Mzime ndi mawu ake a kuntchito aja. "Tiganizira. Pano mwana akufuna kugona."

Chala chinatsika. Bambo anagwedeza mutu, anatsanzika apongozi ndi manja awiri, n'kutuluka. Patapita masiku owerengeka anthu anawapeza atamwalira, atagonera pa makina awo osokera, masanasana, mutu uli pa mkono. Mzime anali asanawaonenso.

"Ukuganizabe za dzina lija?" anafunsa achimwene akukulunga tepi yoyezera. Iwo ankayendetsa lole, ndipo chisoni chawo chinkatulukira m'nthabwala zosapsa bwino. "Usadzivute, Mzime. Ine nditangolimva ndinati awa ndi mankhwala a chifuwa. Supuni imodzi m'mawa, ina madzulo." Anaseka okha, kenaka anakumbuka pamene ali n'kuyang'ana pansi.

Amayi anali pakona akusankha mabatani, akulu kwaokha, ang'ono kwaokha, ntchito imene palibe anawapatsa.

"Si mankhwala," anatero osadzutsa mutu. "Ndi munthu ameneyo. Mwamuna satola dzina lotero pamsewu. Alipo mwini wake, ndipo mwina anali nafe pamaliro paja, akupukuta misozi ngati mbale."

"Amayi!"

"Ukundiletsa chiyani? Ndinkawamva ine ndi makutu angawa. Kubafa, Eulalia. Pomanga nsapato, Eulalia. Langa dzina anasiya kalekale kulitchula, ati limawakola. Koma la uyu ankalimbana nalo mpaka mitsempha kuonekera."

"Munawafunsa?"

"Ndinawafunsa. Anayamba 'ndi-ndi-ndi', ine ndinati munthu akamanama m'pamene chibwibwi chimakula. Ndinatembenukira kukhoma." Anatseka chitini cha mabatani mwamphamvu. "Ndipo kukhomako ndinakhalako mpaka tsiku anthu anabwera kudzandiuza za imfa yawo."

Chimene chinamuchititsa Mzime manyazi n'chakuti mawu a amayiwo anamupepuza mtima. Ngati dzinalo linali la mkazi wina, ndiye kuti iye sanalakwe kulikana. Taonani mwana wobereka yekha, kukondwera kuti mwina bambo ake anali achiwerewere, kungoti iye apeze pobisala!

Kuwala kwa pakhomo kunatsekeka. Analowa mayi wina wathupi, magalasi ali pamphumi, kasikuludiraiva kali m'thumba la pachifuwa. Anali wokonza mafoni wa khomo loyandikana nalo, amene msewu wonse unkamutcha a Netiweki chifukwa nkhani iliyonse inkadutsira kwa iye.

"Pepani, anzanga, pepani," anatero akugwira aliyense dzanja. "Pamaliro ndinalipo koma anthu anachuluka. Aa, thalauza ya bambo a kwathu iyo! Mwendo umodzi basi? Akayenda chotsimphina, palibe kanthu." Kenaka maso ake anagwera pa khanda, nkhope yonse n'kusungunuka. "Ameneyu ndiye Eulalia?"

Analitchula mosavuta, ngati dzina la mwana wa mchemwali wake. Amayi anaika chitini pansi pang'onopang'ono n'kumuyang'ana mayiyo kuyambira kumapazi mpaka kumagalasi.

"Mwalidziwa bwanji dzina limenelo?"

"Ine? Nanga si ankabwera kwa ine tsiku ndi tsiku malemuwa."

"Ohoo," anatero amayi. "Tsiku ndi tsiku."

A Netiweki anayang'ana amayi, anayang'ana ana, kenaka anawomba m'manja n'kuseka mpaka magalasi kugwera pamphuno. "Iii, mayi, ndikhululukireni, ndaseka pamaliro. Ine ndi telala? Ndili naye wanga kunyumba wondikwana kale, wa thalauza iyi. Dzinalo ndani salidziwa mumsewu uno? Funsani wometa, funsani wogulitsa nyama. Kodi sanakuuzeni?"

A Netiweki sanadikire yankho. Anadzikhazika pa benchi pambali pa Mzime, benchiyo n'kulira.

"Mutangopita kukaunikitsa n'kumva kuti ndi wamkazi, anabwera pa tebulo langa. Ndinali ndikuwotcherera tiwaya, maso ali pa ntchito, ndiye iwo ankalankhula ine ndikugwira. Pofika pomaliza foniyo, nawonso anali atamaliza. Ankafuna ndiwafufuzire pa intaneti dzina la mwana wamkazi lotanthauza munthu wolankhula bwino. Ndinati, a telala, mayina atha kodi kunyumba? Iwo anati ayi, likhale lotanthauza zimenezo basi."

Khanda linasiya kuyamwa. Mzime anaiwala kubweza bulauzi.

"Tinasaka masiku angapo. Ena anali achimuna, ena otalika ngati sitima. Kenaka tinapeza limeneli. Ndi la Chigiriki, lakalekale. Atsikana a kumayiko akutali ankatchedwa nalo makedzana, lero latsala la apo ndi apo. Ndinawawerengera kuti ndi mawu awiri olumikiza. Mukudziwa chimene anafunsa? Anati, 'Msoko uli pati?' Telala ndi telala ndithu! Ndinawaonetsa. 'Eu' ndiye kuti bwino, chokoma. 'Lalia' ndiye kulankhula. Kulankhula bwino, mawu otuluka mosalala. Anaika chala pagalasi la foni, pamsoko pomwepo, n'kunena kuti amene anasoka ameneyu ankaidziwa ntchito."

Achimwene anakhala pa mulu wa nsalu. Tepi ija inamasukanso m'manja mwawo.

"Ine ndinawauza chilungamo," anapitiriza a Netiweki. "Ndinati, a telala, dzinali likuyamba ndi 'e', ndipo inu pa 'e' m'pamene mumamira. Tiyeni tisake lina loti muzilitchula bwino. Anandiyang'ana n'kunena kuti, 'Si langa.' Atero, 'Ana anga chinawadumpha. Ndikuopa chingakatere pa mdzukulu.' Ndinati chibwibwi si mbalame yoti itere pamene yafuna, komanso dzina si katemera. Anangoseka."

Analoza makina osokera amene anali pansi pa windo, ataphimbidwa ndi nsalu yakale.

"Ndiye anayamba kuliphunzira. Pamenepo. Paja phazi likamaponda mawu awo ankayenda bwino. Khoma lathuli ndi lopyapyala, ndinkamva zonse. Makina kuti tekete tekete, iwo E-u-la-li-a, E-u-la-li-a. Miyezi, mayi! Wometa uja ndi wachipongwe, ankakuwa ali kutsidya, 'Watuluka, abwera mawa!' Anyamata onyamula katundu akamadutsa, 'A telala, Eulalia wafika?' Iwo osakwiya. Ankati akufuna akalitchule okha kuchipatala, ataima, popanda makina, pamaso pa apongozi a mwana wawo. Ankati mwana wanga wandilankhulira moyo wake wonse, ulendo uno apume."

Apa a Netiweki anatembenukira kwa Mzime ndi nkhope yosadziwa kanthu, yachikondi, ndipo Mzime akanakonda mayiyo akanangomumenya mbama.

"Ndiye zinayenda bwanji? Atabwerako ndinawathamangira. Anati, 'Ndatchula lonse.' Ndinavina pakhomo apa! Ndinafunsa kuti nanga alandira? Anati, 'Ati aganizira. Ndi anthu ophunzira, sathamanga.' Kungoti kuyambira tsiku limenelo sindinawamvenso akulitchula. Ndinkati kaya akulisungira mwini wake."

Pakamwa posalala paja panauma gwa. Mzime anayang'ana pansi, pa tizidutswa ta ulusi. Anali ndi manyazi, manyazi enieni otentha m'makutu ndi kuseri kwa khosi, oposa aja a kuchipatala. Bambo ake anamuikira kumbuyo ngakhale kwa wokonza mafoni.

A Netiweki sanali wopusa. Anaona nkhope zitatuzo, anaimirira, n'kutola thalauza ija pamulu. "Mwendo winawu ndikapinda ndekha," anatero motsitsa. "Ndasiya shopu yosatseka."

Asanafike n'komwe pakhomo pake, Mzime anali atakhuthula kale chikwama pa benchi. Matewera, botolo, makiyi, foni. Anaimbira mwamuna wake. Inaitana mpaka kuduka yokha. Anaimbanso, mwana ali paphewa, iye akuyenda uku ndi uku m'kanjira ka pakati pa tebulo lodulira ndi makina. Mizere ya ku ofesi ija ndi yotchuka, munthu amafika m'mawa n'kutuluka dzuwa litapendeka. Lero lokha ikhale yaitali, anapempha mumtima, lero lokha.

"Halo!" Mawu a mwamuna wake anali osangalala, kumbuyo kukumveka magalimoto. "Pepani, ndinali pawindo, saloleza mafoni. Za 'make uje' zatha lero, mayi!" Ndipo anamuitana ndi dzina latsopano la mwanayo, dzina la apongozi, labwinobwino, lodziwika, limene m'kalasi iliyonse mumapezeka angapo.

"Mwalemba kale?"

"Adinda kale, chikalata chili m'manja. Lero kunalibe anthu, mwayi wake wa mwanayu. Amayi ali pompano, akulira ndi chimwemwe. Ndiwapatse?"

"Ayi. Dikirani." Mzime anaima pakati pa kanjira kaja. "Sizingatheke kubwerera? Kuwonjezera lina?"

"Lina liti?"

"Lija."

Mwamunayo anachoka pamene panali amayi ake, phokoso linachepa.

"Malo analipo," anatero mofatsa. "Mzere wachiwiri, wa dzina lapakati. Cholembera ndinachiika ndithu pamenepo, chifukwa ine madala aja ndinkawakonda, ndipo tsiku lija kuchipatala anandimvetsa chisoni. Koma ndinakumbuka kuti munati bola lisakhale lija. Ndinati mwini bambo wakana, ine ndine ndani? Ndinajambulapo mzere. Akuti kusintha ndi nkhani ya kukhoti. Kodi chachitika n'chiyani?"

Mzime anatsegula pakamwa. Panalibe woti amukalipire. Mwamunayo anachita zimene anauzidwa, mwaulemu, ndi mkazi wodziwa kulankhula.

"Halo? Mukundimva?"

"Ndikuuzani kunyumba," anatero, n'kudula.

Achimwene anaimirira, anati akukaona ngati lole aiimika bwino, ndipo anatuluka akupukuta mphuno ndi chipewa. Anatsala awiri ndi khanda. Amayi anali atachoka pakona paja. Anaima pafupi ndi makina, dzanja lili pa nsalu yophimbira, osaivundukula.

"Ndinawamana ngakhale madzi osamba," anatero. "Munthu akuphunzira dzina la mdzukulu wake."

"Ine ndinawadula pakamwa, amayi. Pamaso pa anthu."

"Ndinamva. Anandiuza alamu ako pamaliro, akuyesa ndi nkhani yoseketsa."

Anakhala pa mpando wa malemu, umene unali ndi khushoni yophwatalala, n'kutambasula manja. Mzime anawapatsa mwanayo. Amayi anamukonza kansalu kumutu, anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Kuchipatala kuja anamunyamula?"

Mzime anaganiza. "Ayi. Mlamu anawapatsa, iwo anabweza manja kumbuyo. Ndinkayesa akuopa kumugwetsa."

"Kugwetsa? Munthu wolowetsa ulusi pa singano osayang'ana?" Amayi anapukusa mutu. "Ankafuna kulankhula tsiku limenelo. Bambo ako sankalankhula mwana ali m'manja. Ali mnyamata, munthu wina anawauza kuti chibwibwicho anachitengera kwa amalume awo amene ankawalera, ati khanda limameza mawu a munthu amene walinyamula. Ndinawauza kuti ndi bodza, anamwino anawauza kuti ndi bodza, koma iwo ayi. Anayamba ndi achimwene ako, kenaka iwe. Ankakunyamula madzulo onse, kuzungulira nawe nyumba, ali duu. Akafuna kundiuza kanthu ankayamba akuika pabedi, n'kutuluka panja, n'kundiitanira pawindo."

"Ine ndinkayesa sankakonda kucheza nane."

"Anadikira mpaka utayamba kulankhula. Tsiku unanena kuti 'Amayi, ndipatseni madzi akumwa', lonse, osakodwa paliponse, anali ndi diresi la ukwati la mwini lofunika mawa lake. Anatseka shopu dzuwa lili pamutu. Anakunyamula paphewa kupita nawe kusitolo kukakugulira nsapato, ndipo njira yonse ankakufunsa dzina la chilichonse, galimoto, mtengo, galu, kuti angokumva ukuyankha."

Mzime anakhala pansi, pa simenti, pakati pa tizidutswa ta nsalu, n'kutsamira mwendo wa amayi ake. Analira mopanda ulemu, kukamwa kuli yasa, ngati mwana wotayika pamsika. Amayi sanamutonthoze. Anayang'ana khanda lija, limene linali litadzuka n'kumaphethira kuwala kwa pawindo.

"Chikalata n'cha boma," anatero. "Akasunge apongozi ako."

Anaweramira kukhutu kwa mwanayo, anakonza pakhosi, ndipo kwa nthawi yoyamba analitchula dzinalo popanda mkwiyo.